Mpando wa Komodo Dagogo

Amuna anga, a Sokari Dagogo, ndi mwana wa msodzi wa ku Bonny, koma mukawakweza chombo amasanza mpaka ndulu. N'chimene chinawathawitsira kumwamba. Atalowa usilikali wa pamadzi anzawo anawaseka chaka chathunthu, ndiye tsiku limene akuluakulu anafunsa ofuna kukaphunzira helikopita, mkono wawo unali woyamba kukwera. Ine anandikwatira atabwerako, ali ndi timapiko tagolide pachifuwa ndi matama osakwana m'nyumba.

Oyendetsa zombo sanawawerengerepo ngati mnzawo weniweni. Ankawatchula dalaivala wa chiwala. Koma chombo chikakhala ndi wodwala pakati pa nyanja, kapena akuba mafuta akabisala m'mitsinje ya ku Delta, ankaitana chiwala chomwecho. Chaka china injini inawazimira ali pamwamba pa madzi. Helikopitayo anaiteretsa pamafunde, onse amene anali nawo anatuluka amoyo, koma mwendo wawo wamanzere unaduka pansi pa bondo. Anthu anati apume. Iwo anavala mwendo wachitsulo, nayamba kuphunzitsa anyamata kuuluka, mpaka anakhala Komodo, mkulu wa oulutsa ndege onse.

Kenaka boma linasankha mkulu watsopano wa asilikali a pamadzi, munthu amene a Sokari ankamuthamangitsa padzuwa ali kusukulu ya usilikali. Kwathu kuno wamkulu sapereka sawatcha kwa mng'ono wake, choncho onse amene analowa ntchito mkulu watsopanoyo asanalowe anayenera kupuma. A Sokari anali m'gulu limenelo, koma izi sizinawapweteke kwenikweni. Chimene ankayembekezera chinali mwambo wotulutsidwa: amakukweza galimoto yosatseka pamwamba, injini yozima, ndipo amene unkawalamula amaikoka ndi zingwe kuchokera pabwalo la perete mpaka kunja kwa chipata. Iwe umaima chilili, dzanja pachipumi, mkazi wako pambali.

Vuto linali lakuti shuga anali atawatulutsa chilonda pachitsa cha mwendo uja, ndipo dokotala anawaletsa kuima nthawi yaitali. Titapita kukayeserera mwambowo ku Lagos, tinapeza magalimoto a anzawo ali opanda kanthu, koma yathu ataimangirirapo mpando, wa khushoni yofiira.

Wokonza mwambo anali Kaputeni Falade, munthu wa zombo, waulemu wake wonyenga. Anati dokotala ndiye walamula, ndipo sakufuna kuti mkulu watsopano aone munthu akugwa pa tsiku lachisangalalo. Kunena zoona, ine ndinagwirizana naye. Chilondacho ndinkachitsuka ndine, ndipo ndinkachiopa. Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndiwanyengerere abambowa, pamene Falade anawonjezera akumwetulira:

"Palibe chamanyazi, bwana. Si paja anthu a helikopita ntchito yanu mumagwira mutakhala kale?"

A Sokari anangouyang'ana mpandowo, kenaka anayang'ana ine. Mtima wanga unatentha mpaka m'makutu. Munthu amene anasiya mwendo m'nyanja kuti ena abwerere kwa akazi awo, atuluke ngati katundu wopita kumsika? Dokotala ndinamuiwalira pomwepo.

Tsikulo linafika, dzuwa likuswa mtengo. Ndinamanga duku langa lalikulu la gele, la golide, lija loti wokhala kumbuyo saona kanthu. Itafika nthawi yokwera, a Sokari anauza msilikali kuti achotse mpando. Msilikaliyo anayang'ana Falade, Falade anapukusa mutu. Ndiye ndinakwera ndekha, ndinamasula zingwe zake ndi zikhadabo zimene ndinali nditangopakitsa utoto, ndikuupereka m'manja mwa Falade yemweyo, anthu onse akuona.

"Mugwirizire, Kaputeni. Mwina mutopa."

Zingwe zathu anagwira oulutsa ndege, ambiri a iwo ophunzitsidwa ndi a Sokari. Apa m'pamene ana aja anatsala pang'ono kutipha. Pofuna kulemekeza mphunzitsi wawo, anayamba kuguba pang'onopang'ono, kuguba kuja amachitira pamaliro a mkulu, phazi lililonse kuliyimitsa kaye m'mwamba. Magalimoto a anzathu anatisiya. Msewu wopita kuchipata, umene ndinauyenda zaka zambiri popita kukagula nsomba tikukhala m'kampumo, unatalika tsiku limenelo.

Tisanafike pakati ndinamva mwendo wawo wabwino ukunjenjemera. Nkhope inali phee, dzanja pachipumi, koma thukuta linkagwa kuchibwano. Ndinasendera pafupi, ndinalowetsa dzanja kunsi kwa jekete yawo, ndikugwira lamba kumbuyo.

"Mayi a Boma, mukutani?" anafunsa osasuntha milomo, akunditchula ndi dzina la mwana wathu woyamba.

"Yang'anani kutsogolo, a chiwala."

Galimoto itadutsa pahampu, thupi lawo lonse linatsamira padzanja langa, phewa langa linalira. Nditayang'ana pansi ndinaona kadontho kofiira pa buluku loyera, pansi pa bondo, kakukula. Ndinatambasula nsalu yanga ndikuphimba, ngati mayi wonyadira zovala zake. Kenaka ndinawerama pang'ono ndikulankhula ndi wotsiriza pachingwe, mkazi woyamba amene a Sokari anamuphunzitsa kuuluka.

"Ibiso, amuna angawa sanafe. Uwauze anzakowo akoke ngati adya."

Ibiso anacheuka, anaona nsalu yanga, anamvetsa. Mawu anayenda pachingwe, ndipo galimoto inathamanga mpaka oimba malipenga anasokonezeka. Tinadutsa pamaso pa mkulu watsopano, amene anabweza sawatcha nthawi yaitali kuposa mmene anachitira kwa ena. Tinamudutsanso Falade, akadali ndi mpando pambali pake chifukwa analibe pouika.

Kunja kwa chipata kunali Lagos wa masiku onse, njinga zamoto zikulizirana mahutala, palibe wodziwa kuti Komodo ndani. A Sokari anali asanatsitse dzanja.

"Tatuluka?"

"Tatuluka."

"Chipata atseka?"

"Atseka, bambo."

Anatsitsa dzanja pang'onopang'ono. "Tsopano ndipezereni pokhala."

Mayi wina wootcha nthochi m'mbali mwa msewu anatipatsa benchi yake. Ndinagwada ndi gele wanga yemwe, ndinamasula mwendo wachitsulo uja, ndipo magazi amene anali atadzaza m'kati anakhuthukira pamchenga. Ndinalira, ndinawatukwananso, iwo akuitanitsa nthochi ndi nsomba.

Chilondacho sichinapole. Mwezi wotsatira madokotala anadula mwendowo pamwamba pa bondo, ndipo kuyambira pamenepo amayenda pa njinga ya olumala. Ana athu amati ine ndi bambo awo tinachita zopusa. Ndimawauza kuti mwendo ndi wa eni ake, ndipo eni akewo sanadandaulepo. Chithunzi cha tsikulo chili pabalaza, iwo ali chilili ngati mzati, ine pambali ndikumwetulira. Alendo akabwera amawaonetsa, n'kunena kuti anaima okha njira yonse. Ine ndimavomera, uku ndikusisita phewa.