Makapisozi a M'dirowa ya Wometa

Chiseyeye chinamubwereranso wometa wina, kachitatu chaka chimodzi. Nkhama zinatupa, akangoluma nthochi magazi, ndipo dzino lakutsogolo linayamba kugwedera. Akameta pang'ono, wathamangira pagalasi, waligwedeza ndi chala, wabwerera.

Choipitsitsa chinali fungo. Kumeta ndi ntchito ya pafupi ndi mphuno za anthu. Makasitomala anayamba kuthawira kwa wometa wa patsidya pa msewu, otsalawo n'kumati, "Ndevu zisiyeni achimwene, ndikusunga."

Ndiye Loweruka m'mawa kunalowa bambo wina n'kukhala pampando. Anali dokotala wa mano, yemwe uja wometayo anamuthawa miyezi iwiri yapitayo atangomva kulira kwa kamakina kopalira mano. Tsiku limenelo anangolandira makapisozi, n'kunena kuti akukataya madzi. Ulendo unali womwewo.

Anayamba kumeta ndevu atatseka pakamwa, akuyankha ndi mutu.

"Lero mwasala kulankhula?" anafunsa dokotala. "Paja mumabowa anthu ndi za mpira."

"Mmm."

Wometa anakoka dirowa kuti atenge lezala lina. Makapisozi aja ali mbwee pakati pa zipeso! Dokotala anawaonera pagalasi.

"Si anga amenewo? Ndinati sabata yathunthu."

"Ululu unatha tsiku lachitatu, adokotala. Otsalawo ndimasungira tsiku loipa. Awiri ndinagawira alamu anga, ankadandaula bondo."

"Bondo!" Dokotala anaseka mpaka thovu linagwa pachibwano. "Tayasamulani."

Wometa anayasamula, lezala lili m'manja.

"Tamverani, bambo. Mankhwala amapha tizilombo, koma zokakamira pansi pa nkhamazi sachotsa, n'zofuna kupala. Osapala, tizilombo timabwerera kwawo. Kusiyira mankhwala panjira, ndiye mwangotiputa. Dzinoli lingapulumuke, koma osati mukadikira mwezi wamawa."

Atatero anachotsa nsalu pakhosi n'kunyamuka, tsaya limodzi lili see, linalo ndevu zili bii.

"Adokotala, sindinamalize!"

"Inunso simunamalize. Kuyabwa kwa ndevu kwatha, basi. Mbali inayi mudzameta Lolemba, mukatsika pampando wanga."

Wometa anaima pakhomo, kuonerera ntchito yake ya theka ikuyenda mumsewu, anthu akucheuka, wa patsidya uja akufa ndi phwete n'kumaloza shopu yake.

Lolemba wometa anali woyamba pamzere kwa dokotala. Kamakina katalira anakakamira mpando ndi manja onse, maso ali pachitseko. Dokotala anamuweramira ndi ndevu zake za theka.

"Mukufuna kukataya madzi?"

Wometa anapukusa mutu, n'kuyasamula kwambiri.