Mlimi wa Fodya ndi Dalia wa Mkazi Wake

Adumbu anga, ndiye kuti achimwene anga, a Danwell Mtonga, fodya amamudziwa, zimenezo sinditsutsa. Kuno ku Kapichila munthu akafuna kuona tsamba lenileni amapita kumunda kwawo. Koma nzeru za fodya zomwezo ndi zimene zinatiliza mu 1996, ndipo mpaka lero ndikakumbuka sindidziwa ngati ndiwakalipire kapena ndiwamvere chisoni.

Akazi awo, alamu anga a Evelina, amene tonse tinkawatcha NyaZimba, anali ndi duwa lotchedwa dalia kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thandala. Mbatata yake anapatsidwa ndi mkazi wa aphunzitsi ena ali mtsikana, n'kubwera nayo ku ukwati. Chaka chilichonse likauma ankakumba mbatatayo, kuisunga mumchenga, mvula yoyamba ikagwa n'kubzalanso. Mu Febuluwale linkachita maluwa ofiira, aakulu ngati kambale ka ndiwo. Zaka makumi awiri adumbu ankadutsa pamenepo osacheuka n'komwe. Ankati chinthu chosadyedwa, chosagulitsidwa, n'cha anthu osowa ntchito.

Chaka chimenecho alamu anadwala m'mimba. Mu Januwale anawagoneka kuchipatala ku boma, ndipo ine ndi amene ndinapita kukawadwazika. Tsiku lonyamuka anawagwira amuna awo pamkono n'kuwauza kuti asamale dalia uja, poti akufuna adzamuone atachita maluwa. Za mbuzi sanatchule, za mtedza sanatchule.

Loweruka lililonse adumbu ankapalasa njinga kudzationa. Alamu akafunsa, iwo ankayankha monyadira kuti dalia akukula moopsa, masamba ngati chikhatho, amuthira manyowa a m'khola, amupalira, amuimikira kamtengo. Ine mumtima ndinkati nkhalamba yaphunzira chikondi. Ndikanadziwa ine!

Kumapeto kwa Febuluwale adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti iwo achita zonse zimene akanatha, tiwatengere kunyumba. Alamu sanali mwana, anazindikira okha. M'minibasi monse sanalire. Ankangonena kuti panopa kuseri kwa nyumba kuyenera kuti kwafiira.

Titafika anakana kulowa m'nyumba. Tinawagwirira uku ndi uku mpaka kuseri. Dalia analidi wamtali kufika m'chiuno, wobiriwira, wonenepa. Koma duwa ngakhale limodzi panalibe. Nsonga zonse zinali zodulidwa bwinobwino ndi chikhadabo.

"A Mtonga," anatero alamu pang'onopang'ono, "timitu ta maluwa tili kuti?"

"Ndinkathyola, NyaZimba. M'mawa uliwonse, ndi mphukira zomwe. Mukasiya maluwa, tsamba silikula."

Ndi mmene amachitira ndi fodya. Akangoti atulutse maluwa, mlimi amadula nsonga kuti mphamvu yonse ipite kumasamba. Adumbu anachita zimenezo kuyambira ali mnyamata, ndipo manja awo sankadziwa chisamaliro china.

 Ine ndinawalalatira adumbu pamaso pa akazi awo, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire. Ndinawafunsa ngati ankafuna kumanga belo la masamba a dalia, ndinawafunsa ngati zaka makumi awiri zonsezo maso anawabwereketsa kwa munthu. Poyamba ankangondiyang'ana kukamwa yasa. Kenako anamvetsa chimene achita, n'kukhala pansi pa dothi pomwepo, munthu wamkulu wa imvi, manja ali lende pamaondo. Mkwiyo wanga unathera pamenepo. Munthuyu ankalawirira m'mawa uliwonse, asanapite kumunda kwake, kukawononga chinthu chimene ankaganiza kuti akusamala.

Alamu anaseka mpaka ululu unawapinda. Atapuma anawauza kuti asadandaule, dalia si wamwano, aphukanso m'khwapa mwa masamba, bola mlimi wamkuluyo apise manja m'thumba. Anati zitenga ngati mwezi. Anawalumbiritsa kuti sadzathyolaponso kanthu, kaya ndi tsamba louma.

"Ndidikira," anatero.

Tonse atatu tinkadziwa kuti mwezi ndi wautali kwa munthu amene chipatala chamubweza. 

Anadikiradi, mayi wolimba mtima uja. M'mawa uliwonse tinkawanyamulira kuseri pamphasa, iwo n'kumayang'ana mphukira. Phala linkawakana, koma ankameza masipuni atatu anayi mokakamiza, akuti kudikira kumafuna mphamvu. Adumbu ankaima chapatali, manja kumbuyo, ngati mwana wasukulu pamzere. Fodya wawo anapitirira kupsa m'munda, anzawo akuthyola, iwo osapitako. Sabata yachitatu timitu tinaoneka, ting'onoting'ono ngati nzama.

Sabata yachinayi alamu sankanyamulikanso. Kungowatembenuza pamphasa ankabuula moti ine ndinkatuluka kukalirira panja. Lachiwiri m'mawa kamutu kamodzi kanang'ambika, kufiira kukuonekera. Koma chipinda chawo chinali ndi kawindo kamodzi, koyang'ana kubwalo, ndipo mpweya wawo unali utasintha. Ndinadziwa kuti za mawa palibe.

Ndinawauza adumbu kuti adule duwalo alowe nalo. Anakana, akuti analumbira. Ndinati ndidula ndine, anandiima kutsogolo. Ndinawatchula dzina limene sindingalibwereze pano. Iwo anangopita kukatenga khasu ndi bafa.

Anakumba mozungulira, patalipatali, kuti asalase mbatata. Kenako anapisa manja pansi n'kumudzutsa dalia yense ndi dothi lake, kumukhazika m'bafa. Tinanyamula awiri, kulemera kwake msana kuchita kulira, ndipo pakhomo tinachita kumupendeketsa kuti nsonga zisagunde denga. Tinamuika pambali pa mphasa, ine n'kutsegula kawindo.

Alamu anayang'ana nthawi yaitali. Anatambasula dzanja, adumbu n'kuweramitsa nthambi mpaka chala chawo chinakhudza duwa lija.

"Lafiira ndithu," anatero. Kenako anatembenuzira maso kwa amuna awo. "A Mtonga, mukamubwezere asanafote. Muthirire."

"Ndamva, NyaZimba."

Anatisiya dzuwa litapendeka. Ine ndinakuwa, ndinalira mlamu wanga amene tinasinja naye mumtondo umodzi zaka zonsezo. Ndinawauza adumbu kuti athamange akauze akuluakulu a pamudzi, atumizenso uthenga kwa a Zimba, abale a alamu, poti eni munthu sayenera kumvera maliro m'njira. Iwo anawatseka maso akazi awo, anaweramira bafa lija, n'kulinyamula okha, sindikudziwa ndi mphamvu zochokera kuti.

Amayi oyamba atafika akulira, anafunsa kumene kuli mwini maliro. Manyazi anandigwira. Ndinazungulira kuseri ndili wokonzeka kukalipa, n'kuwapeza atagwada, akutsendera dothi ndi zikhatho kuzungulira tsinde, misozi ikugwera pamanja. Sanadzutse mutu.

"Faides, madzi," anatero.

Ndinasiya anthu akulira m'nyumba, ndinatenga ndowa n'kupita kuchitsime.