Wofunsa Chabe

A Magalasi anali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba inali yoyeza anthu maso ndi kuwagulitsa magalasi, m'kasitolo kopanikizika pakati pa malo ometera ndi shopu ya mafoni. Imeneyi ndiyo inkawadyetsa. Yachiwiri sinkawapatsa kalikonse, ndipo ndiyo ankayamba kutchula mlendo akawafunsa kuti amagwira ntchito yanji.

Pa intaneti panali buku lalikulu limene aliyense ankatha kulembamo ndi kukonza zolemba za anzake. Olembawo sankadziwana nkhope, ankangodziwana ndi mayina odzipatsa okha. Anthu amenewa anasankha a Magalasi kukhala mmodzi wa oyang'anira, kutanthauza kuti anali ndi mphamvu yotsekera kunja aliyense wosokoneza. Mphamvuyo inkakhala m'kompyuta yakale ya pakauntala, pambali pa kabotolo ka mankhwala opukutira magalasi.

"Ine sindinakhalepo kumbali ya munthu," ankatero. "Ndimangoona malamulo."

"Eya," ankayankha akazi awo, amene ankabwera masana kudzathandiza pakauntala. "N'chifukwa chake ana akamenyana ndimaweruza ndekha."

M'bukumo munali tsamba lonena za sukulu ina ya pamtunda. Kalekale, pa nthawi imene mtundu wina wa anthu unkapululidwa, anthu anathawira m'makalasi a sukuluyo poganiza kuti asilikali sangalowe mophunzirira ana. Analowa. Pambuyo pake manda anafukulidwa, makhoti anaweruza, mabuku analembedwa. Tsambalo analilemba mayi wina wodzitcha Singano, telala, amene azakhali ake ndi ana awo anathera m'kalasi yakumapeto. Ankalemba ziganizo zifupizifupi, chilichonse ndi umboni wake pansi, ngati msoko wobwereza.

Kenako kunabwera mlembi watsopano wodzitcha Wofunsa Chabe. A Magalasi anali asanaonepo munthu waulemu chotero.

"Moni kwa inu nonse olemekezeka," analemba pa tsamba lokambirana. "Ine sindikutsutsa ayi, ndikungofunsa. Kodi tikudziwa bwanji kuti chithunzi chili patsambali n'cha sukulu yomweyi?"

Singano anamuonetsa buku limene munachokera chithunzicho. Iye anathokoza kwambiri. Mawa lake anafunsa ngati woweruza wa kukhoti kuja analibe mbale kumbali inayo. Anayankhidwa, anathokoza. Anafunsa ngati mboni za mlanduwo sizinali zazing'ono kwambiri pa nthawiyo moti n'kukumbukira bwino. Anayankhidwa, anathokoza. Mafunso atamuthera anabwerera ku chithunzi chija, ngati munthu amene wangofika kumene.

Tsiku lina Singano analemba kuti: "Pita ukafunse mafupa, fisi wovala taye iwe."

Lamulo loletsa kutukwana a Magalasi ankalidziwa pamtima. Anavula jekete, anapinda manja a malaya, n'kulemba chigamulo chachitali chokhala ndi mitu ndi timitu. Singano anatsekeredwa kunja mpaka mwezi utatha. Asanachoke anasiya mawu: "Ndikadzabwera n'kupeza tsambalo litafa, simudzandionanso. Ndatopa kuika maliro a azakhali kawirikawiri."

A Magalasi anamuyankha kuti asade nkhawa, tsambalo aliyang'anira okha.

Ndipo ankaliyang'aniradi. Munthu akasintha tsamba, kompyuta inkaonetsa zigawo ziwiri: kumanzere mmene linalili asanalikhudze, kumanja mmene walisiyira. M'mawa uliwonse, akatsegula sitolo ndi kusesa pakhomo, a Magalasi ankayerekeza za dzulo ndi za lero. Kusintha kwake kunali kochepa zedi. Lero Wofunsa Chabe wachotsa chithunzi, ati wojambula sakudziwika bwino. Mawa wasunthira ndime ya makhoti pansi kuti tsamba liziwerengeka mosavuta. Mkuja wawonjezera nkhani ya timu ya mpira ya pasukulupo. Kenako wafupikitsa mawu a mboni, ati ankabwerezabwereza. Nthawi iliyonse ankamaliza ndi mawu akuti, "Ndidalira nzeru zanu, akuluakulu."

A Magalasi sankadana nawo mawu akuti akuluakulu. Ankavomereza kusintha kulikonse.

Mwezi uli pafupi kutha, m'sitolo munalowa madala ena, dalaivala wa basi wopuma ntchito, atanyamula chipewa m'manja. A Magalasi anawakhazika pampando wachikopa wong'ambika, anawaveka felemu yolemera yoyezera maso, n'kuyamba kulowetsamo timagalasi kamodzikamodzi.

"Apa kapena apa?"

"Apa, adokotala."

A Magalasi sanali dokotala, koma sanaone chifukwa chosokonezera munthu wamkulu.

"Nanga apa kapena apa?"

"Apa pachiwiripa."

"Apa?"

"Eya, apa ndiye pabwino."

Kagalasi kalikonse katsopano madalawo ankati n'kabwino kuposa kapitako. Ntchito inayenda mokoma. Pomaliza a Magalasi analoza tchati cha zilembo chapakhoma.

"Tawerengani mzere wapansiwo, bambo."

Madala anatong'ola maso. "Mzere uti?"

"Chabwino, chilembo chachikulu chapamwambacho."

"Adokotala, kunena zoona, ngakhale khomalo ndikungolikhulupirira."

"Aa! Nanga si inu mumati pali bwino?"

"Kusiyana kwake kunali kochepachepa, ndiye ndimati ndisakukhumudwitseni. Mumafunsa mwaulemu."

Akazi a a Magalasi anabisa nkhope kuseri kwa shelefu ya mafelemu, mapewa akugwedezeka. A Magalasi anayambiranso kuyeza kuchokera pa maso opanda kanthu, ulendo uno akuwawerengetsa tchati pa kagalasi kalikonse. Madala anatuluka akuona mpaka mitengo ya mafoni pawindo la shopu yoyandikana nayo, n'kudandaula kuti bola muja sankaona.

A Magalasi anabwezera timagalasi m'bokosi lake, kalikonse m'kampata kake. Kenako anapita pakompyuta n'kuchita chinthu chimene sanachite mwezi wonsewo. Kumanzere sanaike za dzulo. Anaika tsamba mmene Singano analisiyira, kumanja n'kuika la lero.

Kumanzere kunali kofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi, kusonyeza zochotsedwa. Kumanja kunatsala nkhani yaudongo. Sukulu inamangidwa pamtunda. Inali ndi timu yabwino ya mpira. Inatsekedwa pa nthawi ya mavuto, imene anthu amaifotokoza mosiyanasiyana.

Akazi awo anawerenga ataima kumbuyo kwawo.

"Sukulu yabwinotu iyi," anatero. "Tikanatumizako ana. Nanga anthu aja ali kuti, bambo?"

"Achotsedwa."

"Tsiku liti?"

"Palibe tsiku lake. Pang'onopang'ono."

"Woyang'anira anali kuti?"

A Magalasi anakonza kolala. "Analipo."

Kubwezera tsamba mmene linalili kunangotenga kudina kamodzi. Chithunzi chinabwerera, makhoti anakweranso pamwamba, mboni zinalankhulanso mawu awo onse. Timu ya mpira anaisiya, pakuti inali yoona. Atatero anatsekera Wofunsa Chabe kunja, osaika tsiku lomutsegulira.

Yankho silinachedwe. "Ndadabwa kwambiri, akuluakulu. Ndatukwana ndani? Ndaphwanya lamulo liti? Ndikungofunsa."

A Magalasi anatsegula tsamba la malamulo. Linalipo lamulolo, loletsa kukana kupululidwa kwa anthu kumene umboni wake ndi wokhazikika, ndiponso lina loletsa kutopetsa anzako ndi funso loyankhidwa kale. Onse awiri anali m'munsi mwa lamulo la kutukwana, kumene a Magalasi sankafikako kawirikawiri chifukwa mawusi ya kompyuta yawo inkavuta kutsitsa tsamba. Anakopera malamulowo n'kuwonjezera mzere umodzi: "Simunatukwane munthu. Mwafafaniza anthu."

Kenako anamutsegulira Singano n'kuyamba kumulembera uthenga. Unali ndi mawu oyamba, mitu itatu ndi ndime yofotokoza kulemera kwa udindo wa woyang'anira.

"Mukupepesa kapena mukufunsira ntchito?" anafunsa akazi awo.

Anadula. Kunatsala kuti: "Ndinalakwa. Tsamba lili mmene munalisiyira."

Singano sanayankhe. Mwezi unatha, wina unayamba. A Magalasi ankasuzumira pakompyuta kasitomala aliyense akatuluka, mwinanso asanatuluke, moti mtsikana wina anakhala ndi felemu yoyezera pamphuno mpaka inamusiyira chidindo. Alembi ena anawalembera kuti achita bwino, wina anati achita mochedwa, wina anapempha kuti pakhale komiti. Zonsezi sanazisamale kwenikweni. Pa tsamba la sukulu panali zii.

Masana ena, ometa a khomo linalo akukangana za mpira mpaka kumveka kudutsa khoma, panaoneka kusintha kwatsopano. Anali Singano. Anawonjezera chiganizo chimodzi chonena za mawindo a kalasi yakumapeto, umboni wake uli pansi. M'kabokosi kolembamo chifukwa cha kusintha analembamo kuti: "Magalasi anuwo muzipukuta, bambo."

A Magalasi anawerenga kawiri. Anatsegula tsamba la malamulo, anaona la kutukwana, analingalira mofatsa monga woyang'anira.

"Amenewa ndi malangizo," anagamula.

"Eya," anatero akazi awo, n'kuwakankhira kabotolo kaja.