Zala Zisanu za Dizilo

A Dontho anaima pambali pa galimoto yawo, chigubu chili chozondoka m'manja, kudikira kuti dizilo yense atsikire m'thanki. Dzinalo anawapatsa ndi madalaivala anzawo kalekale chifukwa cha khalidwe lomweli. Chigubu chitauma, anatseka chivindikiro n'kukhomapo kaloko komwe anagula sabata yatha.

Pakhonde mkamwini wawo ankapukuta nsapato. Anamva loko akulira, koma sanadzutse mutu.

Galimotoyo inali yakale, yotuwa ngati phulusa, mipando yake yosokedwa ndi lamya. Koma pa mafuta inalibe inzake. Kwa zaka makumi awiri, chigubu chimodzi cha malita asanu chinkawafikitsa kumunda kwawo kunja kwa tauni maulendo anayi, kupita ndi kubwera. Chaka chino chinayamba kuthera paulendo wachitatu. Msewu womwewo, galimoto yomweyo, dalaivala yemweyo. Chachilendo pakhomopo chinali chimodzi: mkamwini, yemwe anadzakhala nawo akazi awo atamwalira, ndipo Loweruka lililonse ankatsuka galimotoyo osatumidwa.

"Munthu n'kumatsuka galimoto ya eni ulere?" a Dontho anafunsa mwana wawo wamkazi tsiku lomwe anagula loko. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Ndiye mukuti amuna anga ndi akuba, bambo?"

"Sindinatchule munthu. Ndangoti dizilo alibe miyendo."

Kuyambira tsikulo m'nyumbamo munalowa makatoni. Mwanayo ankakulunga mbale m'nyuzipepala, imodziimodzi. Anati mwezi ukatha iye ndi amuna ake asamuka.

A Dontho ankafuna mboni. Makaniko akangonena kuti injini ilibe vuto, aliyense adziwa kuti nkhalamba sinapenge. M'mawa umenewo anapita kugalaja.

Makanikoyo anali wonenepa, waovololo yonona ndi girizi. Anaona sefa ya mpweya, anakwawira pansi kufufuza ngati paipi ikudontha, anapopa matayala, anamvetsera injini khutu lili pafupi ngati namwino.

"Madala, injini iyi idzatiika m'manda tonsefe," anatero akupukuta manja. "Ilibe chilema."

"Eya! Ndiye pali amene akumwa."

"Dekhani. Tiyeni tiifunse yokha."

Anachotsa mapaipi a kuthanki n'kuwalowetsa m'botolo loonekera m'kati lodzaza dizilo, nalimangirira pambali pa injini. Anafotokoza kuti iye ayendetsa mpaka pamlatho, a Dontho ayendetsa pobwerera. Msewuwo unalibe chitunda, choncho botolo silingakondere munthu.

Popita, a Dontho anakhala kumpando wa mlendo, mikono atapinda. Anamva giya yachitatu, yachinayi, yachisanu, injini ikung'ung'udza pansipansi ngati mphaka wokhuta. Mawu amenewo anali atawaiwala. Pamlatho makaniko anatsegula boneti n'kuyeza ndi dzanja pamene mafuta anatsikira.

"Zala zitatu. Onani nokha."

A Dontho anawerama, nayandikiza nkhope mpaka mphuno inagunda botolo. "Ndaona."

Kenako anagwira chiwongolero. Anayendetsa mmene amayendetsera masiku onse, mosamala, chibwano chili pafupi ndi galasi. Dzuwa linkawala moipa, msewu wonse uli mbuu ngati wathiridwa ufa. Galimoto za anyamata zinkawaimbira hutala n'kuwapitirira. Anazitukwana chamumtima. Ana a masiku ano sadziwa kuti dizilo amafuna phazi lofatsa.

Atafika kugalaja, makaniko anaika dzanja pabotolo.

"Pobwerera pokha zala zisanu, madala."

"Mwagwirizana naye! Anakupatsani chiyani?"

"Mkamwini wanu sindikumudziwa n'komwe nkhope." Makaniko anatsamira galimoto. "Mundikhululukire, inu ndinu bambo anga. Kuchokera pamlatho mpaka pano simunachoke m'giya yachiwiri. Injini imalira ngati mbuzi yomangidwa, phazi lanu lili pabuleki njira yonse."

"Ine ndayendetsa galimoto iwe usanamere mano."

"N'zoona. Nanga pasitolo ya matabwa paja munaimiranji?"

"Panali galu pamsewu."

"Linali thumba la simenti lopanda kanthu, madala."

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. A Dontho anayang'ana nkhope ya makaniko, ndipo anazindikira kuti chomwe akuona ndi chithunzi chabe cha munthu, chopanda maso, chopanda mphuno, ngati wayima kuseri kwa nsalu yonyowa. Zinayamba liti? Mwina chaka chomwe anasiya kuwerenga nyuzipepala n'kumati atolankhani ndi abodza. Mwina pamene anasiya kupereka moni kwa anthu pamsewu n'kumati anthu asanduka onyada.

"Ng'ala imachotsedwa kuchipatala," makaniko ananena motsitsa mawu, akubwezera mapaipi. "Amalume anga anawachotsa, pano amalowetsa okha ulusi m'singano. Wakutsina khutu ndi mnansi."

"Bweza mapaipiwo, usandiphunzitse."

Ulendo wobwerera kunyumba unali wautali kuposa masiku onse, chifukwa tsopano ankaimva injini. Inkakuwa. Dzanja lawo linapita pagiya kuti aike yachitatu, koma kutsogolo kunali chinthu chakuda, kaya munthu, kaya mthunzi wa mtengo, ndipo dzanjalo linabwerera lokha pachiwongolero.

Anaimika galimoto pabwalo, nakhala m'katimo mpaka injini inazizira. Kudzera pazenera la nyumba ankamva phokoso la selotepi ikumatidwa pakatoni. Mawu opepesa anawafunafuna m'kamwa, koma zaka zonsezi sanawagwiritsepo ntchito, ndipo anali atachita dzimbiri.

Anatsika, natulutsa kakiyi ka loko m'thumba la malaya. Anakalozetsa pabowo, kanaterereka. Anayesanso, kanakanda utoto. Kachitatu kanagwa pansi, ndipo anagwada n'kuyamba kupapasa m'fumbi.

Nsapato zopukutidwa bwino zinaima pafupi ndi dzanja lawo. Mkamwini anawerama, natola kakiyi pamalo pomwe a Dontho anali atapapasa kawiri.

"Ndi aka, bambo."

"Tsegulani."

Loko anatseguka kamodzi kokha. Mkamwini anawapatsira lokoyo ndi manja awiri, koma a Dontho sanalandire.

"Kaikeni pakhola la nkhuku. Kumeneko ndiye kuli akuba." Anadzuka movutikira, akugwira bondo. "Mawa ndikufuna kukaona kumunda. Msewu mumaudziwa?"

"Ndimaudziwa, bambo."

"Chigubu chimodzi, maulendo anayi. Mukalephera, ndiye kuti simudziwa kuyendetsa."

Anatulutsa kiyi wamkulu, wa galimoto, yemwe anali atasalala ndi chala chawo, namuika pamwamba pa boneti, osati m'manja mwa munthu. Kenako anayenda kulowera kukhonde, dzanja lili pakhoma.

M'nyumba phokoso la selotepi linali litaleka. Mwana wawo anaima pakhomo, mbale ili m'dzanja limodzi, nyuzipepala m'dzanja lina. A Dontho sanathe kuona nkhope yake. Anangomva mbaleyo ikuikidwa pathebulo, pang'onopang'ono, yosakulungidwa.