Mpando Wolowera Pazenera

Msewu wonse unadzuka ukusamuka. Mashopu akale aja, a makoma ong'aluka ndi malata otopa, anali atalembedwa kale mtanda wofiira, ndipo katapila wogumula nyumba anaima pakona injini ikulira ngati galu womangidwa amene waona nyama. Tsidya lina kunanyezimira nyumba yatsopano yosanja, mmene aliyense wa mumzere wakalewo anapatsidwa chipinda. Wogulitsa mafoni ankathamanga makatoni ali pamutu. Wokonza mawotchi, munthu wosadziwa kuseka, ankaimba mluzu. Ngakhale a ku ofesi ya maloya, ouma moni aja, ankadutsa ndi mafayilo awo akuseka ndi osoka nsapato.

Wometa wachinyamata, amene msewu wonse unkamutcha Kameta, naye mtima unali dyokodyoko. Shopu yometera anaitenga bambo ake atamwalira, mabuku a kukoleji n'kuwakankhira pansi pa bedi. Nthawi zina zinkamuwawa kuti mzinda umene unasowa bedi logonekapo bambo ake m'chipatala unkatha kumeretsa nyumba ngati bowa. Koma chipinda chatsopanocho chinali ndi matailosi oyera ndi mpope wotulukadi madzi, ndipo iye ankachifuna.

Malumo ndi kalilole zinawoloka mosavuta. Unatsala mpando wometerapo, chimpando chachitsulo cholemera ngati ng'ombe, chikopa chake chong'ambika, chogwirira cha kumanja chosalala pamene bambo ake ankatsamira ntchafu pometa. Dzulo lake Kameta anali atatuma azakhali ake, atelala a shopu yoyandikana nayo, kuti akayeze chitseko chatsopano ndi tepi yawo. Anabwerako n'kunena kuti mpando ulowa, malo n'kutsalako.

Amuna a mumzerewo anaukweza pamasitepe akubuula, akunyozana za mimba zawo. Atafika pakhomo, mpando unakana. Anaupendeketsa, anauzondotsa, anachotsa chotsamira mutu, koma tsinde lake lozungulira linkagunda felemu ya chitseko mbali zonse ziwiri.

Azakhali anabwera tepi ili m'khosi, nayezanso. Kenako anagwira pakamwa.

“Mwana wa achimwene, ndakulakwira. Ndinaonjezera za msoko.”

“Chitseko, azakhali? Mumati muchipinde m'mphepete?”

“Dzanja linazolowera. Ine chiyambire sindinatchulepo muyeso wopanda kuikapo zala ziwiri, kuopa kuti munthu anganenepe.”

Amuna aja anaseka mpaka kukhala pansi, wina n'kufunsa ngati chitseko nachonso chimanenepa ikakwana nyengo yokolola. Kameta anasekako pang'ono chabe. Woyang'anira nyumbayo, bambo wa taye ndi mulu wa makiyi, ananena mwaulemu kuti felemu siikhudzidwa, ndipo m'njira simukhala katundu. Anaonjeza kuti pansi pali ogula zitsulo zakale ndi ngolo yawo. Kubwerera nako kunalibe, chifukwa katapila anali ataluma kale khoma loyamba, fumbi lili kobo.

Kameta anakhala pampandopo m'njira momwemo, anthu akumulambalala ndi makatoni. Anaganiza za mpando wapulasitiki, wopepuka, wolowa paliponse, ndipo anadana nawo asanauone n'komwe.

Apo ndi pamene anatulukira Kabawi, woyendetsa kireni imene inkamanga nyumba ina pambali, munthu amene ndevu zake zinkametedwa ndi bambo a Kameta kuyambira zili nyemunyemu. Anabwera kudzafunsa ngati shopu yatsegulidwa. Atamva nkhaniyo analowa m'chipindamo, nayang'ana chizenera chachikulu choyang'ana kumsewu. Chinali chidakali pululu, oika magalasi atakhala pansi pake akumwa tiyi.

“Bambo ako aja sankalowera pakhomo la munthu mowerama,” anatero Kabawi. “Tsitsani mpandowo.”

Woyang'anira uja anayamba kunena za malamulo, koma azakhali anamuimirira kutsogolo n'kumuuza kuti jekete lake linali lothina m'mapewa, abwere nalo alikonze ulele. Pamene ankamaliza kudziyang'ana m'mapewamo, mpando unali utafika kale pansi.

Anaumanga ndi malamba pakati pa msewu. Kapitawo wa Kabawi anakupiza dzanja, chingwe chinakungika, mpando n'kunyamuka. Magalimoto anaima. Alembi a m'maofesi anasuzumira m'mazenera mafoni ali m'manja, amayi ogulitsa zipatso akuimba nthungululu, woyendetsa katapila naye anazimitsa injini kuti aonere. Mpando unakwera wopanda munthu, ukuzungulira pang'onopang'ono pamwamba pa madenga, monga ankauzunguzira bambo a Kameta akafuna kuonetsa kasitomala kumbuyo kwa mutu. Kameta anathamanga pamasitepe akuseka, maso atadzaza misozi, osadziwa kuti chayamba n'chiti.

Pazenera anaukoka ndi manja ambiri, azakhali akulamula ngati aphunzitsi, mpaka tsinde linagunda matailosi. Msewu wonse unaomba m'manja.

Oika magalasi anamaliza tiyi wawo, nanyamula chigalasi cha pazenerapo, nachilowetsa m'malo mwake n'kumata m'mphepete monse. Wamkulu wawo anapukuta manja, nayang'ana mpando, nayang'ananso chitseko.

“Achimwene, mukudziwa kuti umenewu sudzatulukanso? Pokhapokha adzagwetse nyumba ino.”

“Mumzinda muno zimenezo sizichedwa,” anatero Kameta. “Koma aupeza ndili pomwepa.”

Anaupukuta fumbi la simenti ndi malaya ake, naponda chopondera kuti aone ngati ukukwerabe. Unakwera. Kabawi anali ataima kale pakhomo, chipewa cholimba chili m'manja, akukanda ndevu, ndipo kumbuyo kwake kunali woyang'anira nyumba uja akufunsa ngati pali mzere.