Msodzi Amene Anawedza Nsapato

Mmalawi aliyense wa ku South Bend, ku Amereka, amene anadyapo kunyumba kwa Alufeyo ankaidziwa nkhani ya msodzi. Mlendo akangofunsa kuti iye ndi mkazi wake Vainess anapezana bwanji, Alufeyo ankasiya kudya, n'kupukuta m'manja, n'kuyamba.

Chinali chaka cha 2000. Iye ankaphunzira ku South Bend, Vainess akuphunzira unamwino ku Indianapolis. Loweruka lina anamutenga n'kupita naye kupaki ina ya zisangalalo kunja kwa mzindawo. Kumeneko kunali timaboti tolowa m'chinyumba cha mdima n'kumayenda pang'onopang'ono m'ngalande. Uku ndi uku kunali zidole zazikulu ngati anthu, zosonyeza tauni ya makedzana: wosula zitsulo, mayi woyanika zovala, ana othamangitsa nkhumba. Chakumapeto kunali nkhalamba itakhala pamlatho ikuwedza. Boti likafika, nkhalambayo inkakoka mbedza n'kuvuula nsapato yakutha, kenako n'kupukusa mutu.

“Pamenepo m'pamene ndinalimba mtima,” Alufeyo ankatero. “Ndinati, Vainess, ine ndikufuna banja. Iye osachedwa, ‘Eya!’ Mnzanga uja anagwira nsapato, ine ndinagwira munthu.”

Alendo ankaseka. Vainess ankangomwetulira n'kunyamuka kukatenga tiyi.

Mu Juni 2015 banjalo linapita ku Beech Grove, pafupi ndi Indianapolis, kuphwando la Chrissie, mng'ono wake wa Vainess, amene anali atamaliza digiri. Phwando linali Lachisanu, ndipo Loweruka anagwirizana zokaona paki ija asanabwerere. Amene anaumirira anali mwana wawo Melissa, wa zaka khumi ndi zitatu. Anthu ena anali atapanga filimu kuchokera pa timaboti tija, ndipo Melissa anali ataionera kasanu ndi kamodzi. Alufeyo anali asanaionere. Ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo akaweruka shifiti maso sankalola. Koma m'maganizo mwake nkhaniyo inali yosavuta: ngati filimu anaitengera pa boti, ndiye kuti boti lili momwe linalili.

“Lero ukamuona wekha mboni ya ukwati wa makolo ako,” anauza mwanayo akupaka galimoto.

Anaima pamzere pafupifupi ola lathunthu, dzuwa likuswa mtengo. Atafika kutsogolo, Alufeyo anaona kuti maboti anali aakulu kuposa kale, okhala ndi chitsulo chotsekera pamiyendo. Sanade nazo nkhawa. Anakhala pakati, mkazi wake kumanzere, mwana kumanja, boti n'kulowa mumdima.

Munalibe wosula zitsulo. M'malo mwake kunagunda bingu, utsi unatuluka m'makoma, ndipo pakhoma panaoneka kanema wa mtsikana atanyamula nyali, akukuwa kuti aliyense athawe. Melissa ankakuwa naye limodzi mawu onse, osaphonya ngakhale limodzi. Alufeyo anacheukira uku ndi uku kufunafuna mayi woyanika zovala. Pamene ankaganiza kuti mayiyo anali, panali nyumba ikuyaka moto wabodza.

“Mwina talowa khomo lina,” ananong'oneza mkazi wake.

Vainess anali atagwira chitsulo ndi manja onse awiri.

Boti linakhota, ndipo msodzi uja anali apo. Chipewa chinali chomwecho, ndevu zomwezo. Alufeyo anagwira Melissa paphewa. “Uyo! Taona tsopano.” Chidolecho chinadzutsa mutu, maso ake n'kuyaka kuti psuu. Chinakoka chingwe, ndipo m'madzi munatuluka ukonde muli mwana akuphiriphitha. Nkhalambayo inaseka chiseko choipa chimene chinamveka m'chinyumba monse, madzi n'kuwathira kumaso, boti n'kutulukira padzuwa.

Alufeyo anatsika m'botimo. “Nsapato ija ili kuti?”

Melissa ankamva Chichewa bwinobwino koma ankayankha m'Chingerezi, ndipo anayankha akupukuta madzi kumaso, chimwemwe chodzaza tsaya. Anati palibe nsapato, ameneyo ndiye munthu woipa wa mufilimu, amaba ana a m'tauni n'kuwabisa pansi pa mtsinje. Aliyense amadziwa zimenezo.

“Woipa? Nkhalamba ija inalakwira ndani?” Anatembenukira kwa mkazi wake. “Mayi a Melissa, tamuuzani mwanayu mmene zinalili.”

Vainess anafinya m'mphepete mwa bulauzi yake. “Ine msodzi sindikumukumbukira, bambo a Melissa. Tsiku lija ndinatsinzina kuyambira polowa mpaka potuluka. Madzi ndi mdima mumadziwa kuti sindigwirizana nazo.”

“Ndiye zaka zonsezi ndikamafotokoza…”

“Ndimamvera inu.”

Melissa anati mwina adadi akusokoneza ndi paki ina, ya ku Ohio kapena kwina. Ananena mosaganizira, maso ali pa sitolo ya zidole, koma mawuwo anamulowa Alufeyo. Kuntchito kwake kunali mkulu wina amene m'mawa uliwonse ankavala jekete n'kufunsa basi yopita kufakitale imene inatsekedwa kalekale. Ankatchula nambala ya basi, dzina la dalaivala, ngakhale mtundu wa mipando, ndipo ankalankhula motsimikiza ngati mmene Alufeyo ankalankhulira za nsapato. Anamwino ankangomuyankha kuti basi ikubwera. Alufeyo anayang'ana mkazi wake, n'kudzifunsa ngati kumwetulira kuja, kwa pa nthawi ya tiyi, sikunali komweko. Iye anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi zokha, koma anali ataonapo anthu amene matenda oiwalaiwalawo anawayamba msanga.

“Tadikirani,” anatero, n'kubwerera kwa mtsikana amene ankatsitsa anthu m'maboti. Anamufunsa ngati msodziyo kale ankawedza nsapato. Mtsikanayo anati anayamba ntchito mu Meyi, ndipo anamupempha kuti asaime panjira.

Pafupi ndi geti lotulukira, kunja kwa mpanda, panali tebulo pansi pa ambulera. Panakhala azungu awiri achikulire, mayi wa tsitsi loyera ndi bambo wovala kapusi ya mpikisano wa galimoto wa ku Speedway. Pansalu imene anapachika analembapo kuti eni paki abwezeretse boti lakale. Alufeyo anafika pamenepo ngati munthu wopeza wachibale kudera lachilendo.

Mayiyo anamufotokozera kuti filimu itatchuka, eni paki anachotsa zidole zakale zaka ziwiri zapitazo n'kukonza zonse kuti zifanane ndi filimuyo, popeza ana ankabwera n'kumadandaula kuti sakuona zimene anaona pakanema. Anatsegula buku la zithunzi. Wosula zitsulo anali momwemo. Mayi woyanika zovala analimo, nkhumba inalimo. Alufeyo anapumira m'mwamba, n'kukodola mkazi wake ndi mwana. “Bwerani muone! Ine si wamisala!”

Anatembenuza tsamba. Msodzi analipo, wa maso abwinobwino, koma sanali pamlatho. Anali atakhala pa mgolo, ndipo ku mbedza yake kunkalendewera ketulo.

“Iyi si nsapato,” Alufeyo anatero.

Mayiyo anasangalala. Anati bambowa ndi odziwadi mbiri, chifukwa nsapato inalipo poyamba penipeni, koma anaichotsa mu 1985 n'kuikapo ketulo.

“Ine ndinabwera m'dziko muno mu 1998.”

Mayiyo anati ndiye kuti anaona ketulo. Bambo wa kapusi analowerera, nati ayi, nsapato inabwereranso ketulo itachita dzimbiri, iye anaiona ndi maso ake ali ndi adzukulu. Mayiyo anati imeneyo inali jombo, osati nsapato, ndipo inangokhala chilimwe chimodzi. Za mlatho, bamboyo anati unalipo, mayiyo anati mlatho unali kwa ana othamangitsa nkhumba. Anayamba kukwezerana mawu, aliyense akuloza chithunzi chake, Alufeyo ali chilili pakati pawo.

“Pepani,” anawadula. “Ndiye mukati abwezeretse lakale, mukunena liti?”

Mayiyo anati la ketulo, poti ndi limene anthu ambiri akulikumbukira. Bamboyo anati la nsapato, poti ndilo lenileni. Anayang'anizana, kenako mayiyo anamupatsa Alufeyo cholembera n'kunena kuti zimenezo adzakambirana akapambana, iye angosayina.

Melissa anamugwira mkono. Nkhope yake inali itasintha. Anati iye wadikira zaka ziwiri kuti adzakwere boti limeneli, ndipo ndi chinthu chabwino koposa chimene anakwerapo. Akabwezeretsa zidole zoyanika zovala, ndani wa msinkhu wake angaime pamzere ola lathunthu? Ndiyeno, mwina koyamba chaka chimenecho, anamaliza m'Chichewa chake chopotoka: “Adadi, inu munakwera kale yanu. Iyi ndi yanga.”

Alufeyo anayang'ana cholembera, anayang'ana chithunzi cha nkhalamba ya ketulo. Ankafuna kunena kuti munthu sungamutenge ali phee kuwedza n'kumusandutsa wakuba ana chifukwa choti wina wapanga filimu. Koma ankadziwanso kuti akunena za matabwa ndi mawaya, ndipo sankadziwa n'komwe ngati amene akumuikira kumbuyoyo ndi amene anamuona. Anasayina mwachangu, dzina losawerengeka.

Asanafike pagalimoto anakumana ndi wantchito wa pakiyo atanyamula tabuleti, akufunsa anthu ngati boti latsopano lawasangalatsa. Panali nkhope ziwiri, yosekerera ndi yokwinya. Melissa anaima pambali, manja atapinda, misozi ili m'maso. Alufeyo anadina yosekerera.

“Ndiye muli mbali iti, abambo?” Vainess anafunsa akumanga lamba.

“Musandifunse.”

Anayenda mumsewu wa 31 wopita kumpoto, minda ya chimanga ili mbali zonse. Atadutsa Kokomo, Melissa anali atagona, zomvera nyimbo zili m'makutu. Alufeyo anali akuyendetsa koma mutu uli m'ngalande muja.

“Kaya inali ketulo, kaya jombo,” anatero potsiriza, “chimene ndikudziwa n'chakuti ndinakufunsirani m'boti lija ndipo munavomera. Chimenecho sangachisinthe.”

Vainess anatsitsa mawu a wailesi, ngakhale inali kale pansi.

“Bambo a Melissa, ndikuuzeni chinthu, koma musaimitse galimoto. Muja munali phokoso la madzi ndi kanyimbo kaja. Ine ndinali nditatsinzina, mtima uli m'mwamba. Ndinamva kuti mwalankhula, koma mawu sindinawamve. Ndinkayesa mukufunsa ngati ndikuopa.”

Galimoto inapatuka pang'ono, matayala n'kulira pa mizere ya m'mphepete. Alufeyo anaiwongola.

“Ndiye ‘eya’ uja…”

“Ndimati eya, ndikuopa.”

“Koma titatuluka ndinakugwirani dzanja. Ndinakugulirani ayisikilimu. Ndinkaimba nyimbo njira yonse!”

“Ndinkangoti munthuyu ndi wansangala. Ndinadzadziwa patapita milungu itatu, amalume ataimba foni kuchokera ku Mponela kuti kwabwera anthu a ku Ntcheu, akuti mwana wawo ndi ine tagwirizana ku Amereka. Anandikalipira kuti bwanji sindinawauze. Ndinaima ndi foni m'manja, osadziwa kuti ndiyambire pati.”

“Bwanji simunanene?”

“Ndikananena kwa ndani? Amalume anu anali atakwera kale mabasi awiri.” Anamuyang'ana. “Komanso kuchokera tsiku limenelo kufika pa ukwati panadutsa miyezi khumi. Pakamwa ndinali napo. Ndikanafuna kukana ndikanakana.”

Alufeyo sanadziwe ngati wanyozedwa kapena wayamikiridwa. Ankafuna kukwiya, koma akafufuza woti amukwiyire sankamupeza. Anayendetsa mpaka ku Plymouth, ndipo pamalo omwetsera mafuta anaima pa pampu ya dizilo m'malo mwa ya petulo, mpaka Vainess anachita kumugogodera pagalasi.

Lamlungu masana, atabwera kutchalitchi, Melissa anaika filimu ija n'kukhazika bambo ake pasofa kuti amvetse. Alufeyo anayesetsa. Anthu anali ambiri, ankalankhula mothamanga, ndipo aliyense ankaoneka kuti ali ndi m'bale wake amene anamira. Kawirikawiri ankafunsa kuti uyu ndi ndani, Melissa n'kuimitsa filimu, kufotokoza, n'kuyambiranso. Msodzi atatulukira, Alufeyo anasendera kutsogolo. Anali munthu weniweni tsopano, wamtali, wa mano akuda, ndipo kumapeto mtsikana wa nyali uja anamukankhira mumtsinje, madzi n'kumumeza. Melissa anawomba m'manja.

“Wafa?” Alufeyo anafunsa.

Melissa anati inde, koma anthu akuti adzabweranso mufilimu yachiwiri, ndipo mwina adzakhala wabwino, chifukwa zikuoneka kuti amene ankaba ana kwenikweni ndi meya wa tauniyo.

“Ndiye akadzakhala wabwino, boti lija adzalikonzanso?”

Mwanayo anakweza mapewa. Vainess, amene ankasita yunifomu yake pakhomo la kukhitchini, anati aleke kumufunsa mwana mafunso a eni paki, ndipo ngati akufuna malaya ositidwa a mawa awabweretse nsimbi isanazizire. Alufeyo anakhalabe pasofa kanthawi, mayina a opanga filimu akukwera pakanema, kenako ananyamuka kukatenga malayawo.