Fayilo ya Maina ya ba Luse

Ba Luse anavala zomvera m'makutu, nataipa dzina loyamba, Mwiche Siame. Kompyuta inawawerengera zopanda mutu, ngati mzungu amene watafuna tsabola. Anafufuta, nataipanso. Zomwezo.

"Ba Nchimunya, mwaichita chani kompyuta yanga?"

Ba Nchimunya, mayi wokonza makompyuta amene amabwera Lachisanu lililonse, anali akumanga kale chikwama. "Naiika chabe mapulogalamu ya manje. Yenze ya kudala maningi, amama."

Ba Luse anasiya kuona ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ntchito yawo inali yotaipa pa kashopu ka ba Kasoma, kuseri kwa msika ku Matero: makalata, mapepala a maliro, zofunsira ntchito. Munthu amanena, iwo amataipa, kompyuta imawawerengera m'khutu, ndipo chilembo chikalakwika amachimva nthawi yomweyo. Koma makina amenewa sabadwa akudziwa maina athu. Zaka zisanu ndi ziwiri ba Luse anakhala akuwaphunzitsa. Dzina lachilendo likabwera, amatsegula fayilo imodzi n'kulembamo katchulidwe kake, la Chibemba, la Chitonga, la Chilozi, la kwawo ku Katete. Ndi fayilo imeneyo anthu amayenda kuchokera ku makomboni a George ndi Lilanda kudzataipitsa kwa mayi wosaona, chifukwa iwo sankalakwitsa dzina la munthu.

Tsiku limenelo panali maina mazana awiri ndi makumi atatu a ana a sukulu ina ya m'komboni, oti alembedwe pa masatifiketi. Ahedi anawatumiza m'mawu pa foni, ndipo amabwera kudzatenga nthawi ya fifitini koloko. Mlamu wa ba Kasoma, Cathrine, anali atakhala pa benchi miyezi itatu akudikira mpando wa ba Luse. Onse ankadziwa, ngakhale palibe ankanena.

Ba Nchimunya anatula chikwama, natsegula fayiloyo. Ba Luse anatembenuzira khutu kwa iwo, nafunsa.

"Muli maina yangati?"

"Fote."

"Fote? Munali maina kupitilila masauzande yatatu!"

Makumi anayiwo anali amene anabwera ndi pulogalamu tsiku loyamba. Ena onse anapita.

Nkhani yake si yovuta. Anthu amene amamanga dongosolo lonse la kompyuta imeneyi ali ndi lamulo lolembedwa. Pulogalamu iliyonse imabwera m'phukusi lake, ndipo phukusi latsopano likafika, za lakale zimasesedwa, zatsopano n'kulowa. Koma fayilo imene mwini kompyuta amaisintha ndi manja ake ili ndi kwawo, foda yotchedwa etc. Kumeneko tsache silifika osaodira. Fayilo ya ba Luse sinali kumeneko.

Amene anamanga phukusi limenelo ndi Wilbroad, mwana wa ku Matero komweko, amene tsopano amagwira ntchito ku Kitwe. Ba Nchimunya anamuimbira, naika foni pa tebulo kuti onse amve.

"Iwe Wilbroad, fayilo ya maina unaiika kuti?"

"Pa vinthu vogawana, ba sisi. Imaseŵenzesewa na mapulogalamu yabili, ija yokamba na ija yoona masipelo. Nikaipasa iyi, iyo izadandaula. Ninaiika pakati."

"Pakati pa msewu! Lamulo ikamba kuti mwine azinkala umozi, fayilo izinkala ku etc, winayo azibweleka. Na pompi ya pa puloti ili na landilodi, iwe."

"Tinakambilana na anzanga mwezi wonse pa ija nkhani. Ena ati ku etc, ena ati ni mndandanda chabe, kulibe azaisintha. Tinalema, tinaisiya."

Ba Luse anaweramira foni. "Wilbroad mwana wanga, ndani ananigwila vala vanga kunilangiza polemba maina mu fayilo ija?"

Mawu a Wilbroad anatuluka aang'ono. "Ndine, amama. Nenze naiŵala."

"Ungaibweze?"

"Ngati kulibe pena munaisungila, sininga. Nizakonza phukusi lelo lomwe kuti isachitikenso."

"Isachitikenso kuli ndani?" anafunsa ba Luse.

Pena posungira panalibe. Ba Kasoma ankati kompyuta ya ba Luse siimavuta, nanga bwanji kuwononga fulashi yosungirapo mafayilo. Ba Nchimunya anafufuza mpaka masana, akutuluka thukuta, akuyesa ichi ndi icho. Anapeza zidutswa, maina khumi ndi asanu ndi awiri odukaduka.

Ba Luse sanakhale manja lende. Anayamba kutaipa, dzina lililonse akulimvetsera chilembo chimodzi chimodzi, popeza katchulidwe ka makina sikankawauzanso kanthu. Dzina limene kale linkatenga mpweya umodzi tsopano linkatenga mphindi yathunthu, ena ziwiri. Zala zinayamba kuphonya. Magetsi anazima theka la ola, n'kubwera. Pofika fotini koloko anali pa dzina la makumi asanu ndi anayi.

Ba Kasoma anaima kumbuyo kwawo, akugwedeza makiyi m'thumba.

"Ba Luse, pumulankoni. Cathrine asilize."

"Nizakwanisa, ba bosi. Nipaseni chabe mpaka seventini."

"Ahedi sibazayembekeza. Ni lelo chabe."

Ba Luse anavula zomvera m'makutu, nazikulunga chingwe bwinobwino, napapasa ndodo yawo. Cathrine anawagwira mkono kuwaperekeza pa benchi, mwaulemu ndithu, nakhala pa mpando usanazizire. Chinthu choyamba chimene anachita ndi kuzimitsa mawu a kompyuta, chifukwa ankamusokoneza.

Ba Luse anakhala pamenepo akumvetsera mabatani. Zala za Cathrine zinali zofulumira. Ba Nchimunya anakhala pambali pawo, maso ali pansi.

"Tingayambenso, amama. Nizabwela Chiŵelu, tizilemba pamozi."

"Maina yenze kubwela na ŵene ŵake, umozi umozi. Ena anafa. Muzabaitana?"

Ahedi anatenga masatifiketi awo nthawi yake, nathokoza. Lolemba ba Kasoma anatumiza uthenga kuti ba Luse ayambe akhala kunyumba mpaka makina atakhazikika. Wilbroad anakonza phukusi lake monga ananenera, fayilo inapita ku etc, ili ndi mwini mmodzi ndi maina makumi anayi. Ba Luse akadali kunyumba, ku Matero, foni ili pa miyendo.

Inu amene mumamanga mapukusi amenewa, muli ku Kalingalinga kapena kutsidya kwa nyanja, musamaleme ndi mkangano n'kusiya fayilo pamene mwaimirira. Funsani kaye amene azilembamo, werengani lamulo lanu mpaka kumapeto, muiike kwawo musanatumize. Chitani bwino kuposa apa, chonde.